Malaya a Lameki ndinachapa ndine

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma pamsika wa pa Kamwendo palibe anandipusitsapo. Wogulitsa akatchula mtengo, ine ndimaseka kaye kenako n'kuyambira pansi penipeni. Nzeru zimenezi ndinkaziyesa zokwanira moyo wonse, mpaka Januwale wa chaka chino cha 2003, pamene anamanga mwana wanga Lameki.

Anamunamizira kuti waba njinga ya bwana wina. Anakhala m'chitokosi masiku anayi, wapolisi wina dzina lake Vitus akumumenya kumapazi ndi paipi kuti avomere. Njingayo itapezeka kwa mlamu wake wa bwanayo, anangomutsegulira chitseko. Anafika kwathu kwa Mlonyeni pangolo, bambo wa ana awiri, akulephera kuponda pansi. Malaya ake anali gwa ndi magazi.

Ndiye tamvani zimene anachita mayi wochenjera. Malayawo ndinawanyika m'madzi, n'kuwachapa katatu, n'kuwasita. Mapaziwo ndinawathowa ndi madzi otentha milungu iwiri. Ndinkati mwana wanga sangakaonekere kuboma ngati wamisala, anthu angati alibe make.

Titapita ku ofesi ya bungwe loona za ufulu wa anthu, a Veronika, mayi amene amalemba madandaulo, anafunsa kalata ya kuchipatala ndi zovala za tsikulo. Kalata tinalibe. Malaya ndinawatulutsa m'jumbo monyadira, opinda bwino, akununkhira sopo.

Anawatembenuza uku ndi uku. "Mayi, magazi aja ali kuti?"

"Ali m'ngalande ya pamjigo. Mumafuna ndibwere nawo akununkha?"

Anandifotokozera mofatsa kuti magaziwo ndi kutupako ndiwo unali umboni. Ndinakangana nawo ndithu, poti kugonja sindikudziwa. Anati chatsala ndi pakamwa pa Lameki. Akasaina chikalata n'kulola kukaima pamaso pa woweruza, mlandu ulowa. Akakana, Vitus apitiriza ndi paipi yake. Lameki anangoyang'ana pansi n'kunena kuti akaganize kaye. Ankaopa kuti akamugwiranso.

Patatha sabata kunabwera a Cyprian, amalume ake a Vitus, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anati nkhani zotere n'zokambirana pachibale, ndipo abweretsa matumba awiri a feteleza kuti tiiwale. Ine ndinkafuna kuwathamangitsa, Mulungu ndi mboni. Koma nditangomva "awiri", lilime linanyamuka lokha. Ndinati awiri n'chipongwe, munthu wagona masiku anayi pasimenti. Iwo anati atatu. Ndinaimirira n'kumanga chitenje ngati ndikuchoka, pakhonde panga pomwe, kupita kuti kaya. Anafika pa asanu. Ndinati awonjezere mbuzi, chifukwa fodya walowa tchire mwini wake ali gone.

Tonse awiri tinaiwala kuti Lameki ali pamphasa kuseri kwa chitseko.

"Amayi," anaitana, "mwafika pa angati?"

Ndinayankha kuti asanu ndi mbuzi, ndipo akhale chete chifukwa ndikhoza kuwakankhabe.

"Ndiye mapazi angawa mukugulitsa onse awiri, kapena limodzi mundisiyira?"

Anatuluka akugwira khoma, n'kukhala pansi moyang'anana ndi mlendoyo. Anawauza mwaulemu kuti feteleza akathire m'munda mwawo, iye akaonana ndi Vitus kukhoti. A Cyprian anayang'ana ine ngati mnzawo wapamalonda amene angawapulumutse. Ndinayang'ana nkhuku.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga, n'kumukweza Lameki pakaliyala, ine ndikukankha mpaka pamsewu pokwerera minibasi. Ku ofesi kuja anasaina dzina lake lonse, pang'onopang'ono.

A Veronika atamva za a Cyprian anatenga pepala lina. Anati munthu wosalakwa satumiza amalume ake ndi feteleza, choncho ulendowo nawonso ndi umboni, ndipo ndinene mawu onse monga anayankhulidwira, osasiya ngakhale amodzi. Ndinapempha kuti za mbuzi tizidumphe. Anakana. Ndinati chabwino, alembe mbuziyo koma asalembe zoti ndinaimirira. Anakananso, uku Lameki akuseka koyamba chitulukire m'chitokosi.

Mlandu ulowa pa 14 mwezi wamawa. Mboni yoyamba ndi Lameki. Yachiwiri ndine, ndipo zonsezi adzaziwerenga pamaso pa anthu.