Chigwembe Chinafika pa Manda a Anesi

Fabiano ndi mkazi wake Lestina anafika ku Thyolo m'chaka cha 1921, atayenda wapansi masabata atatu kuthawa chibalo cha Apwitikizi. Mzungu wa esiteti ya tiyi anawalola kumanga pamtsetse wa kuseri kwa phiri, bola Fabiano azigwira thangata. Malowo anali otsetsereka zedi, koma nthaka yake inali yakuda bii. Chimanga, nandolo ndi kalongonda zinkachita bwino.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Anesi, anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zinayi. Popeza iwo anali alendo, opanda manda a makolo, anamuika kumunsi kwa munda wawo, patsinde pa msuku.

Chaka chotsatira mzungu analamula kuti nkhalango ya pamwamba pa phiri igwetsedwe, padzalidwe tiyi. Mitengo itatha, kapitawo wawo, a Blackson, anatambasula chingwe chosonyeza podzera ngalande yotulutsa madzi m'munda watsopanowo. Fabiano anali m'gulu lokumba. Tsiku lachitatu anaweramuka kuti apukute thukuta, n'kuona kuti kukamwa kwa ngalandeyo kwaloza munda wake.

"A Kapitawo, madziwatu adzatsikira kwanga."

"Ndaona, achimwene," anayankha a Blackson motsitsa mawu. "Koma chingwechi ayeza ndi bwana. Ndikachisuntha, mawa ndine wosamuka."

Fabiano anawerama n'kupitiriza kukumba.

Mvula yoyamba inangong'amba kanjira kolumphika pakati pa mizere ya chimanga. Pofika Febuluwale kanali kofika m'chiuno. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, Fabiano ndi Lestina ankatuta miyala, kukhoma zikhomo za nsungwi, kudzala nthochi m'mbali. Madzi ankabwera n'kunyamula zonse. Chaka chachiwiri kanjira kaja kanasanduka chigwembe chomeza munthu wamtali, nthaka yakuda itapita, patatsala katondo wofiira. Kenaka chigwembecho chinakhota, n'kulunjika ku msuku.

"Bambo a Anesi, timuchotse mwanayu," anatero Lestina.

"Kufukula munthu? Kwathu munaziona kuti zimenezo? Ndimanga khoma la miyala, chigwembechi chilambalala."

Anakapempha masiku atatu okha kuti amange khomalo. Inali nyengo yothyola tiyi, ndipo bwana anakana.

Mvula yomwe inagwa Lachiwiri lina la Januwale inayamba m'mawa osapumira. Dzuwa likanakhala paliwombo, anthu othyola tiyi anaona Lestina akukwera m'mizere, wopanda duku, matope mpaka m'ntchafu. Anaima pamaso pa mwamuna wake n'kuloza kumunda kwawo. Fabiano anatula dengu pansi n'kuthamanga.

Msuku unali utagona m'chigwembe, mizu ili m'mwamba. Pamene panali manda panali phompho, madzi ofiira akusefukira.

Anthu onse anasiya ntchito. A Blackson anabwera ndi khasu lawo, osafunsa kwa bwana. Anatsata khwawa mpaka kudambo kumene madzi amatula mchenga, akufukula mulu uliwonse ndi makasu, ena ndi manja. Anafufuza masiku awiri osapeza kanthu. Tsiku lachitatu mayi wina wa m'mudzi wa kumunsi, a Teleza, akufukula chitsime chawo chomwe chinakwiririka ndi matope, anapeza chidutswa cha mphasa ndi timafupa tinayi.

Anthu a m'mudzimo anamva chisoni, n'kupereka malo m'manda awo. Timafupato tinakwana m'kansalu kamodzi, ndipo Lestina anakanyamula yekha, atakafungatira pachifuwa.

Pobwerera, ali awiriwiri panjira, Lestina anafunsa osamuyang'ana mwamuna wake.

"Ngalande ija, inunso munakumba nawo?"

"Ndinakumba nawo."

Lestina sanakalipe, sanalirenso. Sabata yomweyo anamanga katundu wake napita kwa mchimwene wake ku Nsabwe. Fabiano anatsala kuti amalize miyezi yake ya thangata, akudya chinangwa chopatsidwa ndi anzake, chifukwa m'munda mwake simunatuluke ngakhale dengu limodzi la chimanga. Mu Juni anamutsatira.

Anakhala limodzi zaka zina khumi ndi zitatu, ndipo anabereka ana aamuna awiri. Anawo anakula akudziwa kuti anali ndi mchemwali wawo, koma za momwe anagonera m'manda kawiri anazimva kwa anthu ena, mayi awo atamwalira.