Uthenga Wopita kwa a Wyson

Basi yobwerera ku Bolton inachedwa. Kunja kunkawaza kamvula kaja kosanyowetsa, kongolowa m'mafupa. Ken anakhala mpando wakumbuyo, chikwama cha zibonga pakati pa miyendo. Olankhula analipo kale.

Timu yawo ya besibolo inali itangopambana ku Salford. Dzina lake Achule, poti chiyambire sinapondepo bwalo louma. Amalawi, Azambia, ndi mzungu mmodzi woponya mpira. Ambiri ankagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba. Ken yekha ndiye anali wa mu ofesi, wa zamakompyuta, ndipo mwina n'chifukwa chake anamupatsa ukaputeni. Tsopano timuyo inali italowa m'ndime ya chipulula. Loweruka likubweralo akumana ndi timu ya ku Liverpool. Wogonja, chaka chake chathera pomwepo.

Koma m'basimo munalibe nyimbo. Nkhani inali ya a Wyson, omwe anali atatsogola kuthamangira shifiti.

Pabesibolo pamakhala anthu atatu oima kutali, kumapeto kwa bwalo, odikira mipira youluka. Wina kumanzere, wina kumanja, wina pakati. Wapakatiyo dera lake ndi lalikulu, amayenera kukhala waliwiro. Pamenepo pankaima a Wyson chiyambire timu. Ndiwo anaiyambitsa. Masewerawa anawaphunzira kwa nkhalamba ina yomwe ankaisamalira, yomwe inkaiwala mayina a ana ake koma malamulo a besibolo osaiwala. Anayamba n'kukokera anyamata kupaki akatuluka m'tchalitchi. Anthu ankawaseka. Lero omwewo ndiwo anali masapota.

Koma maondo anali atatha. Tsikulo mipira ina inagwera patsogolo pawo iwo akadali m'njira. Timu inapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Lubinda ndiye anayamba. Mzambia wa ndevu zoyera, sapota wamkulu, munthu woti chibonga sanachigwirepo.

"Ba Wyson tibaike chabe kumanja," anatero. "Kuja kulibe nchito. Munthu angagone, n'kuuka masewera yasila."

Dorcas, mayi wa kwaya, anamuyang'ana ngati wanena zotukwana. Anati timu ya ku Liverpool anaionapo ndi maso ake. Ili ndi anyamata amanzere, ndipo wamanzere akamenya mpira umathawira kumanja komweko. Kuwaika kumeneko n'kuwapereka nsembe. Lubinda anati ndiye kumanzere. Dorcas anati kumanzere mipira imabwera ngati zipolopolo, afuna bamboyo akagone kuchipatala chomwe amaperekezako okalamba ake? Wina anati Lusubilo achoke kumanzere apite pakati. Wina anati Lusubilo ali ndi liwiro koma mkono wake ndi wa phala, mpira wake sufika pabesi, poponda othamanga paja, usanadumphe kawiri. Anakangana mpaka basi kudutsa Farnworth. Mzimayi wina wachizungu anatembenuka kuwayang'ana, iwo n'kutsitsa mawu pang'ono, kenako n'kukwezanso.

Dzina lomwe aliyense ankalidziwa silinkatchulidwa. Mwini wake anali pawindo, zomvera m'makutu. Asimenye, namwino wa ku Karonga. Kumudzi ankasewera netibolo. Mpira wam'mwamba ankaudziwa kogwera usanayambe kutsika. Chaka chonse anakhala pabenchi, osadandaula.

Pomaliza Dorcas ananena. "Pakati paime Asimenye. A Wyson apume. Tonse tikudziwa."

Kenako maso onse kumpando wakumbuyo.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene," anatero Dorcas. "Kaputeni ndinu."

Ken anayang'ana panja. Nyumba za njerwa zofiira, zolumikizana, zofanana zonse. Iye vuto lake silinali la mpira.

Anabwera kuno kudzaphunzira ku Salford, wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe. A Wyson ndiwo anamutola kutchalitchi, kumupezera chipinda, kumugulira jekete yoyamba. Atapezana ndi Tamara, amalume enieni a Ken anali ku Ndirande, ulendo wosatheka. A Wyson anavala suti, kukwera sitima ya ku Liverpool, kukagogoda kwa amalume ake a Tamara ngati nkhoswe yake. Amalumewo anali munthu wovuta. Ananena poyera kuti mnyamatayo sakumudziwa, akudziwa a Wyson, ndipo akuvomera chifukwa cha iwo. Chinkhoswe chinali mwezi wamawa. Popanda a Wyson panalibe woima kumbali ya Ken.

Ndiye akawauze munthu ameneyo kuti mwakalamba, khalani pansi?

Potsika basi Ken anakokera Lubinda pambali. Anati kwathu mwana sauza wamkulu mawu otere pamaso. Pamapita wamkulu mnzake. Izi Ken anazikhulupirira pozinena, ndipo zinamupepukitsa mtima. Lubinda anasisita ndevu.

"Nizakamba nabo, mwana. Osavutika."

Sabata inayenda mokwawa. Ken kuntchito ankangoyang'ana foni. Lachitatu kunali kokonzekera kupaki, koma a Wyson sanabwere. Anthu anati asinthana mashifiti ndi mnzawo kuti Loweruka adzakhale omasuka. Ken anafunsa Lubinda ngati wapita. Lubinda anati uthenga unafika, asade nkhawa. Anayankha akuyang'ana nsapato.

Tsiku lotsatira a Wyson anaimba okha. Ken anatuluka mu ofesi, kukaima pamasitepe. Ankayembekezera nkhani ya mpira. Koma iwo anayamba za chinkhoswe. Holo yapezeka. Amalume a Tamara akufuna zonse zichitike mwa mwambo, tambala ndi msoti zisasowe, ngakhale zikhale zochokera m'firiji. Anaseka, Ken naye n'kuseka.

"Palinso china, mphwanga?"

"Ayi, ankolo. Palibe."

"Chabwino. Tionana Loweruka."

Ken anaganiza kuti awo ndiwo akuluakulu. Amva, amvetsa, sakufuna kumuchititsa manyazi. Anauza Tamara madzulo kuti nkhani yatha bwino. Tamara anangofunsa ngati wawauza yekha. Ken anasintha nkhani.

Loweruka kunacha kwa mitambo. Bwalo linali la kuseri kwa sukulu ina ku Bolton, udzu wonyowa, mizere yoyera yongothiridwa kumene. Masapota anabwera ndi maambulera, mafulasiki a tiyi, zitenje pamwamba pa majekete. Ena anali atachoka kushifiti molunjika, maso ofiira. A ku Liverpool anafika pa minibasi, anyamata ataliatali otafuna chingamu.

A Wyson anafika atavala yunifolomu yonse. Anapereka moni kwa aliyense, dzanja ndi dzanja, mpaka Asimenye. Anasonkhanitsa timu n'kupemphera monga mwa masiku onse. Ken anaona yunifolomuyo koma anadziuza kuti munthu akhoza kuvala n'kukhala pabenchi. Anakapereka mayina kwa woimbira. Pakati, Asimenye.

Achule ndiwo ankayamba kugwira mipira, a ku Liverpool kumenya. Ken malo ake anali kumbuyo kwa womenya, kuwakha mipira ya woponya. Anamanga zotchinga pachifuwa ndi m'miyendo, kuvala chisoti cha waya, kunyonyomala. Anakweza maso.

Kutali, pakati pa bwalo, panaima anthu awiri.

Asimenye anali atapatuka pang'ono, gulovu kukhwapa, maso pansi. A Wyson anali njo pamalo awo a masiku onse, manja m'maondo, okonzeka.

Woimbira anawerenga ndi chala. Anauza Ken m'Chingerezi kuti ali ndi munthu mmodzi woonjezera, akonze msanga. Ken anatembenukira kwa masapota. Lubinda anali atabisala kuseri kwa ambulera. Dorcas anagwira pakamwa.

Pabwalo lonse palibe mtunda wautali kuposa wochoka pomwe Ken anali kukafika pakati. Anauyenda. Zotchinga m'miyendo zinkalira pa sitepe iliyonse. Anadutsa woponya, anadutsa besi yachiwiri. A ku Liverpool anasiya kutafuna. Nsapato zinkamira m'matope.

Atafika anavula chisoti. Anapinda maondo pang'ono, mwaulemu, mmene zotchingazo zinalolera.

"Ankolo, a Lubinda sanakuuzeni?"

"Lubinda anauza Dorcas," anatero a Wyson, osakweza mawu. "Dorcas anauza mayi akunyumba pa kwaya, azimayi onse akumva. Mayi akunyumba anandiuza ndikuvula nsapato. Uthenga wako unafika, mphwanga. Unafika utadutsa tchalitchi chonse."

Ken anafunsa: "Ndiye bwanji mwaima pano?"

"Kaputeni wanga sanandiuze kanthu. Ndamva za m'maluwa. Ndikudikira."

Woimbira anakuwa kuchokera kutali, akuloza wotchi. Asimenye anayamba kuyenda chakubenchi mwakachetechete. A Wyson anamuimitsa ndi dzanja. Anati iye asasunthe, alibe mlandu.

Ken anayang'ana udzu. Anayang'ana bambo uja, imvi zotuluka m'mbali mwa kapu, bondo lomangidwa bandeji pansi pa thalauza. Akanatha kubweza Asimenye. Zinali m'manja mwake. Anthu akanang'ung'udza m'basi, basi. Koma anadziwa kuti a Wyson sanaime pamenepo kupempha malo.

"Ankolo, lero simusewera. Miyendo yanu siikufika. Pakati paima Asimenye."

Mawuwo anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. Lusubilo kumanzere anamva, anatembenukira kumpanda.

A Wyson anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ukunena zoona. Ndinadziwa kalekale, maondowa ndi anga. Ukanabwera kunyumba, tikanamwa tiyi, ine ndemwe ndikanaimirira pamaso pa anthu kumupatsa mwanayu malo. Ndikanachoka ndi ulemu wanga."

"Ndimaopa kukulakwirani. Kwathu mwana..."

"Kwathu mthenga amatumidwa kwa alendo. Ntchito imeneyo ndikuidziwa, ndakugwirira iwe ku Liverpool. Ine ndimayesa ndine wako." Anavula kapu, kupukuta madzi pamphumi, kuvalanso. "Nkhoswe ndi munthu womuuza zinthu zonunkha za m'nyumba. Iwe za mpira zakukanika. Ndinawatsimikizira amalume aja kuti ndikukudziwa. Ndiwaimbira madzulo ano, ndiwauze kuti ndinafulumira. Upeze wina woima kumbali yako."

"Ankolo, chonde."

"Akukudikira. Pita."

A Wyson anamusisita Asimenye paphewa, kumuuza kuti mphepo ikukankhira kumanja, aime cha uko. Kenako ananyamuka. Sanalowere kubenchi. Anadutsa kumapeto kwa bwalo, m'mbali mwa mpanda, akutsimphina pang'ono, kulunjika kugeti la kumsewu. Akazi awo anatuluka pakati pa masapota, kupinda ambulera, kuwatsatira. Palibe anawaitana.

Ken anabwerera mtunda womwe uja. Podutsa pabesi yachiwiri anamva Dorcas akukalipira Lubinda, Lubinda akuti iye ndi Mzambia, nkhani za Amalawi amazilowa bwanji. Wina kumbuyo anali atayamba kale kunena kuti mwina kumanja kukanakhala bwino, amanzerewo ndi awiri okha. Wina anati ayi, atatu.

Tamara anali ataima payekha kumapeto kwa mzere, wafika ndi sitima ya m'mawa. Anali ataona zonse. Anatulutsa foni m'thumba, kuiyang'ana, kuyang'ana Ken. Amalume a Tamarawo anali atagula kale suti ya chinkhoswe.

Woimbira anafunsa ngati tsopano ali okonzeka. Ken anati inde. Anavala chisoti, kunyonyomala. Mnyamata woyamba wa ku Liverpool analowa, wamanzere, akugwedeza chibonga. Woponya ankadikira chizindikiro cha Ken, kuti adziwe mpira woti aponye. Ken anaika dzanja pakati pa maondo. M'mutu ankawerenga amuna a kutchalitchi, mmodzimmodzi, kufuna woti angavale suti n'kukwera sitima ya ku Liverpool m'malo mwa a Wyson. Aliyense yemwe anamuganizira anali pabwalo pomwepo, ndipo anali ataona.