Mulanje wa pa Mkuwa

A Fryson Kamtedza anali munthu woti akayamba kusimba za maulendo awo, tiyi ankazizirira m'makapu. Ku Dubai anafikako, ku Lisbon anagonako, ndipo mavani asanu ndi awiri onyamula katundu ku Govan, mu mzinda wa Glasgow kumene ankakhala, anali awoawo, ogula ndi thukuta. Koma nkhani ya pamtima pawo inali ya ku Switzerland, kumene ali mnyamata anasamalirapo nkhalamba ina dzina lake Ueli.

Ueliyo anali mmisiri wa zithunzi za pa mkuwa. Ankapaka phula pa mkuwa wophwatalala, n'kujambulapo ndi singano, n'kuuviika mu asidi kuti adye mizereyo. Akapaka inki n'kudinda pa pepala, chithunzi chinkatuluka. Ankajambulanso masitampu a dziko lake, choncho a Fryson ankanyadira kuti makalata miyandamiyanda a Azungu anayenda ndi luso la munthu amene iwo ankamusambitsa. Pomukankha pa njinga ya olumala ankamuuza kuti mapiri a kwawoko ndi ana chabe pamaso pa Mulanje. Nkhalambayo inkangoseka, mpaka inajambula Mulanje amene sinamuonepo. Imeneyo inali ntchito yake yomaliza manja asanayambe kunjenjemera. Sinadinde ngakhale pepala limodzi. Inangopereka mkuwawo kwa a Fryson.

Mkuwawo unakhala pa shelefu zaka makumi awiri, n'kuda bii. Kenako kunabwera kalata yochokera kwa Verena, mwana wa malemu Ueli. Ankapempha kubwera ku Glasgow kudzadinda pepala limodzi lokha, chifukwa m'kabuku ka bambo ake anawerenga kuti pa mkuwa umenewo ndi pokhapo pamene iwo anadzijambulapo okha.

A Fryson analengeza nkhaniyo ku tchalitchi, ngakhale kwa amene sanafunse. Atafika kunyumba anaupenda mkuwawo uku ndi uku, koma nkhope ya Ueli sanaione. Anati litsiro ndilo laibisa. Ndiponso mlendo wochokera kutali chonchi angapeze bwanji chinthu cha bambo ake chili chakuda ngati poto wa batchala? Iwo analeredwa ndi mayi amene ankakwecha ziwiya ndi mchenga mpaka munthu kudzionerapo.

Akazi awo, a Agatha, atawaona akutenga sitiliwulu pa sinki, anati, "Bambo a Luntha, chimenecho si sefuliya."

Anawayankha kuti amene anakhalako ku Switzerland ndi iwo, osati munthu wa ku Ntcheu. Anakwecha m'mawa wonse wa Lachinayi akuimba mluzu, mpaka mkuwawo unang'anima ngati dzuwa la mu Okutobala.

Loweruka anakumana ndi Verena ku Partick, mu Glasgow momwemo, m'chipinda cha amisiri odinda zithunzi. Anali mayi wa imvi, wolankhula pang'ono. A Fryson anafunyulula chitenje chimene anakulungamo mkuwawo akudikira kutamandidwa. Mayiyo anapita nawo pa windo, n'kuuyang'ana nthawi yaitali ndi galasi lokuzira zinthu. Anaupereka kwa mmisiri, amene anapaka inki, n'kupukuta mofatsa ndi chikhatho ngati akusisita khanda, kenako n'kupukusa makina.

Pa pepalapo panatuluka msana wa phiri wokha, pamene mizere inali yozama. M'munsi monse munali mbuu, mokandikakandika ngati pamene nkhuku zapalasa.

Verena anatsegula kabuku kaja n'kuwawerengera. M'tsinde mwa phirilo munali anthu awiri aang'ono ngati njere za mpunga, ojambulidwa ndi mizere yopyapyala kuposa tsitsi: nkhalamba ili pa njinga, ndi mnyamata akuikankha, dzanja lina akuloza pamwamba, kukamwa kuli yasa. Zaka makumi awiri a Fryson ankadzitama ndi mkuwawo osadziwa kuti iwonso alipo, ndipo anadzifufuta okha pamodzi ndi mwini wake.

Mayiyo, mwa ulemu, anati mwina ndi chinyezi cha mzindawu, kapena bambo ake anafafaniza okha asanapereke. Khomo la bodza linali lotsekula, ndipo a Fryson anali atatulukirapo pa makomo opapatiza kuposa limenelo. Anayang'ana a Agatha. A Agatha anali kuyang'ana nsapato zawo.

"Ndine, mayi," anatero. "Dzana lomweli. Ndi sitiliwulu wa mapoto. Akazi angawa anandiletsa."

Verena anapinda galasi lake n'kuliika m'chikwama. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinawawa koposa. Patapita kanthawi anakoka mpando.

"Ndiye mundiuze inuyo mmene ankaonekera mukamawakankha. Koma musawonjezere."

Munthu amene ankatha kusimba ulendo wa masiku awiri kwa maola anayi anasowa poyambira. Pomaliza anati Ueli ankavala chipewa chaubweya chobooka pa khutu la kumanzere, ndipo akamaseka ankagwira bondo. Verena analemba zimenezo ndi pensulo m'munsi mwa phiri, pa malo oyerawo.

Lamlungu a tchalitchi anawazungulira kuti amve za mlendo wa ku Switzerland. A Fryson anati anafika bwino, ndipo wabwerera bwino. Tiyi tsiku limenelo anamwedwa wotentha.