Wilibala ya Aukje

"Mwatsukanso?" Aukje anaima pakhomo la khola, manja ali m'chiuno. Simenti inali mbee, fungo la sopo lokhalokha.

"Alendo amadandaula kununkha," anayankha a Veenstra, mkulu wa malo osungirako nyamawo. "Kuno si kudzala, mayi."

Aukje mtima unamupweteka. Noortje, chipembere chachikazi, Aukje anamulera yekha kuyambira ali kamwana. Zaka zinayi ankamutsekulira Bram, chipembere chachimuna, koma Noortje ankangomupirikitsa ngati wakuba. Tsono lamulo linali litabwera: akapanda kutenga bere chaka chimenecho, amutumiza ku Spain. Zipembere zakuda zatsala zochepa, palibe wodikira.

"Bwana, chipembere chimadziwa mwamuna ndi mphuno. Ndowe ndiye makalata awo. Inu m'mawa uliwonse mumawakokolola ndi madzi. Noortje angalole bwanji mlendo? Ndiloleni ndizimutengera ndowe za Bram."

"Ndiye mukufuna ntchito ya positi?" A Veenstra anaseka mpaka kutsokomola. "Chabwino, miyezi itatu. Koma nsapato zimenezo ndisazione kukantini."

Basi, Aukje anayamba. Mvula ikumukwapula, ankakankha wilibala ya ndowe za Bram n'kukazithira m'khola la Noortje. "Positi yadutsa!" anzake ankakuwa atatsina mphuno. Buledi ndi tchizi wake ankadyera panja, yekhayekha.

Poyamba Noortje ankamwaza muluwo mwaukali. Kenako anayamba kuununkhiza nthawi yaitali. Sabata yachisanu ndi chimodzi, anatembenuka n'kuikapo zake pamwamba.

"Wayankha! Tsekulani!" anafuula Aukje.

Ha, Bram atalowa zinali zoopsa! Nyanga gwa! gwa!, matope kuuluka, mpanda kugwedera. A Veenstra anathamangira chitseko.

"Aphana awa! Alekanitseni!"

"Chotsani dzanja, bwana! Chibwenzi chawo n'chomwechi."

Madzulo ake awiriwo ankadya pamodzi ngati sanamenyanepo. Chaka chisanathe dokotala wa nyama anatsimikiza kuti bere lilipo, nkhani ya ku Spain inathera pomwepo.

Patapita miyezi khumi ndi isanu, kamwana kanadzandira pa udzu wouma n'kupeza bere la mayi wake. Aukje analira osabisa, chimwemwe chitamusefukira.

Kumbuyo kwake kunamveka kulira kwa tayala. Anali a Veenstra, tayi ili pakhosi, akukankha wilibala yodzaza. M'khola lachitatu munali mutafika chipembere china chachikazi.

"Mayi a positi," anatero akupuma movutikira, "izi ndithire pati?"