Chigubu cha Alamu Awiri

Amuna anga ndi achimwene anga onse ali ndi maboti, onse amavala chipewa choyera cha ukaputeni, ndipo aliyense amati mnzakeyo chipewacho anachita kutola. Ntchito yawo ndi imodzi: kunyamula alendo okasambira pansi pa nyanja, kukaona miyala ya korali ndi nsomba zake. Ine ndimapopera mpweya m'masilinda amene alendowo amabereka kumsana. Ndimapopera maboti onse awiri, ndiye madandaulo a mbali zonse amathera m'makutu mwanga.

Akuluakulu a padoko ataona kuti anangula akuphwanya korali, analetsa. Anamiza chimwala cha simenti pamalopo, n'kumangirirapo unyolo, kuunyoloko chingwe, kuchingweko chigubu choyandama. Boti likafika limangokoleka pachigubupo. Lamulo lake linali lalifupi: woponya nangula pamenepo alandidwa chiphaso chonyamulira alendo, ndipo kusamala chigubu ndi chingwe chake ndi udindo wa eni maboti. Eni mabotiwo ndi anthu anga awiriwa. Nyumba zathu zonse ziwiri zimadya chiphaso chimenecho, palibe china.

Kusamalako si ntchito yofuna sukulu. Munthu amamira ndi mpeni, n'kupala nkhono ndi ndere zomera pachingwe, n'kuona ngati unyolo sunadyeke ndi dzimbiri, basi. Koma amuna anga anati, "Ine ndikapale chingwe choti alamu azikolekapo boti lawo? Ndine wantchito wawo kodi?"

Achimwene nawo anandiitanira pambali. "Chemwali, ukawauze amuna akowo kuti amene amalawirira kukoleka ndi amene amatha chingwe. Akapale ndi iwo."

Chimene onse anachikonda ndi penti, poti penti imaoneka. Amuna anga anachipaka chigubucho chofiira ngati boti lawo. Sabata isanathe achimwene anachipaka chabuluu. Anapakirana choncho mpaka anatopa, kenako anajambula mzere pakati, aliyense theka lake. Chigubu chinanenepa ndi penti, chikuwala moti alendo ankachijambula. Chikomekome cha mkuyu! Pansi pake chingwe chinali chitamera ndevu. Olondolera alendo akavuuka ankanena kuti kunsiku sikuli bwino, ndipo kaputeni aliyense ankagwedeza mutu mwaulemu, amvekere, "Zikomo, ndiwauza alamu."

Tsiku lina alendo anachuluka, ndiye ndinakwera nawo boti la amuna anga kuti ndizisintha masilinda. Kunali kamphepo ndipo madzi ankakoka. Ife tinakoleka pachigubu, achimwene anamangirira boti lawo m'mbali mwa lathu osapereka ndi moni womwe. Alendo anavala zawo, anadumphira m'madzi ndi owalondolera, n'kumira. Pamwamba panatsala thovu lawo ndi ife atatu.

Posapita nthawi boti linagwedezeka kamodzi, kenako linapepuka. Chingwe chinali chitaduka pansi. Tinayamba kupita ndi madzi, maboti awiri ogwirana, chigubu chathu chokongolacho chikutitsatira. Thovu la alendo linkatsalira kumbuyo. Injini sungailize anthu ali pansi, mapiko ake amadula munthu ngati nyama. Ndipo kutsogolo kwathu korali amathera paphompho lakuya, kumene nangula safika pansi. Ngakhale mwana akanadziwa chochita.

"Alamu," anatero amuna anga, mawu ali ofewa ngati akupempha mchere, "ponyani nangula."

"Aa, ponyani inu alamu. Boti lokoleka pachigubu ndi lanu."

"Koma chaduka chifukwa cha kulemera kwa boti lanu."

"Chadukira mbali yofiira, ine ndaona."

"Chingwe chili ndi mbali, alamu?"

Ndinakuwa. "Abambo, anthu avuuka posachedwa, apeza nyanja yokhayokha! Achimwene, muli ndi ana a eni pansi apo!"

"Iwe khala chete, izi n'za akaputeni," anatero onse awiri pamodzi. Chikwatiwireni ine, aka kanali koyamba kuwamva akunena chinthu chimodzi.

Mtima unandiwawa, ndiponso ndinachita mantha, sindibisa. Ndinaganiza za mayi wina wonenepa amene anandigwira dzanja potsika, akuti n'koyamba kulowa m'nyanja. Ndinapita kutsogolo kwa boti, ndinakumbatira nangula wathu, ndinamugwetsera m'madzi. Ndinkadziwa bwino kuti ndikumiza chakudya cha ana anga. Chingwe chake chinathamanga, chinakungika, maboti anaima.

Amuna anga anakhala pansi, manja kumutu. Achimwene anaseka mpaka chibwano kunjenjemera. Anatulutsa foni n'kuyamba kujambula chingwe chathucho.

"Pepani alamu," anatero akujambulabe. "Lamulo silidziwa chibale. Koma musadandaule, alendo anu ndizikunyamulirani."

Apo m'pamene magazi anandikwera. Ndinakwinya diresi, ndinalumphira m'boti mwawo, ndinawadutsa akadali kufunafuna pojambulira pabwino. Nangula wawo anali wolemera kuposa wathu, koma mkwiyo uli ndi mphamvu zake. Anangomva kuti khuvuu!

"Jambulaninso uyu, achimwene," ndinatero.

Alendo anavuuka patali ndithu, akukupiza manja. Anasambira mpaka kutipeza, ena akutukwana m'zilankhulo zawo. Mayi uja tinachita kumukoka, akulira, koma anakwera. Palibe amene anasowa.

Akuluakulu a padoko sanavutike kufufuza. Korali wosweka anamuona, ndipo akaputeni awiriwo anakanenezana okha, aliyense kuthamanga kuti akafike woyamba. Ziphaso zonse ziwiri zinapita. Tsopano alendo amanyamulidwa ndi munthu wina wobwera, wopanda ndi chipewa chomwe, ndipo masilinda ake amakapopetsa kwina. Makina anga opopera mpweya angokhala, ndawafunditsa nsalu.

Amuna anga ndi achimwene masiku ano ndi chala ndi mkanda. Amakhala pabenchi limodzi kuseri kwa shedi yanga, kusuta ndudu imodzi mopatsirana, ndipo ndikamadutsa amasiya kulankhula. Dzulo sanandione ndikubwera.

"Alamu," ankatero amuna anga, "ine pokwatira paja sindinayang'anitsitse."

Achimwene anawasisita paphewa. "Musadziimbe mlandu, alamu. Olakwa ndife, tinamulera ndife."