Foni Ikalira Kamodzi

Lufeyo analota ali gone pamkeka kunsi kwa thiraki yake, dzuwa lili paliwombo, pamzere wa magalimoto odikira feteleza ku doko la Beira. M'malotomo analinso pomwepo, pamkeka womwewo, kungoti magalimoto ena onse anali atapita ndipo wina ankamuitana kuti akapakize katundu.

Munthuyu mumudziwe kaye. Sanali woipa mtima ayi, koma pa nkhani ya mayunitsi anali wouma manja zochititsa manyazi. Akangodutsa malire ankachotsa laini yakumudzi m'foni n'kuitsekera m'bokosi la machesi, n'kuikamo ya ku Mozambique. Nayonso imeneyo ukaimbira kunyumba ku Lunzu inkameza mayunitsi osatafuna. Ndiye anapangana ndi mkazi wake Esinala kuti azingofulashana: foni ikalira kamodzi n'kuduka, ndiye kuti munthu ali bwino, palibe choyankhira. Nkhani zonse zinkadikira tsiku lobwera, ndipo tsikulo likakwana ankafika ali lefu, n'kugona, n'kunyamukanso. Mwana wawo Tinyade anayamba kuyankhula bambo ake ali pamsewu. Nzeru yofulashayi Lufeyo anaitenga kwa amalume ake, malemu a Folopensi, amene anamuphunzitsa chiwongolero.

A Folopensi omwewo ndi amene ankamuitana m'maloto muja. Anali ataima pakhomo la nyumba yosungiramo katundu, atavala kajekete konyezimira ka anthu a padoko, kuphazi kulibe nsapato. Lufeyo anakumbukira bwinobwino kuti bokosi la maliro awo ananyamula nawo, koma sanaone kuti chimenecho n'chifukwa chosawapatsira moni.

"Muli bwanji, amalume?"

"Tili bwino, a dalaivala. Katundu wanu wakwana. Lowani."

M'katimo munalibe simenti pansi. Munkayenda mtsinje wa Lunzu, madzi olekeza m'akakolo, onunkhira sopo wochapira. Matumba anali atasanjidwa pamiyala imene amayi amachapirapo zovala. Thumba limodzi linali long'ambika pakona, ndipo timibulu toyera tinkagwa kamodzikamodzi. Kalikonse kakakhudza madzi kankayankhula ndi mawu a Lufeyo yemwe. Kena kanati, "Mwadzuka bwanji, amake Tinyade?" Kena, "Denga lija likudonthabe?" Kena kanangoti, "Ndakusowani," n'kusungunuka.

"Zonse zimene mumadula foni musananene zimabwera kuno," anatero a Folopensi. "Ife sititaya kanthu."

Lufeyo anakondwa ndithu. Munthu wosunga akaona zosunga zake zitaunjikana, mtima umakhala m'malo. Kenako anaona mulu wina kukhoma, wofika kudenga, kangaude atayalapo ukonde.

"Nanga awo ndi a yani?"

"Amenewo ndi anga, mphwanga. Mkazi wanga sanabwere kudzatenga. Sakudziwa n'komwe kuti alipo."

Lufeyo anagwira thumba limodzi la pamuluwo. Linali gwa, ngati simenti yovumbwidwa ndi mvula.

"Katunduyu sakhalitsa," anatero amalumewo. "Musaime panjira."

Matumba a Lufeyo anakwera okha m'thiraki, motsogozana, popanda kukankhana. Iye analiza injini n'kulowa mumtsinje muja, poti msewu unali womwewo. Anadutsa malo ometera tsitsi a ku Chimoio akuyandama, wometa ali pantchito, ndipo anakwezerana manja. Foni imene inali m'thumba la malaya inatsokomola pang'ono.

"Bwana, pepani kukudulani maganizo," inatero. "Ndimangofuna mudziwe kuti ine ndimatha kulira kupitirira kamodzi."

"Ndamva," anayankha Lufeyo, maso ali kutsogolo.

Malire anawapeza pakhomo la nyumba yake. Nsungwi inali itapingasa pakhonde, ndipo woyang'anira chipata anali Tinyade, atakhala pa beseni lovundikira. Anavala kadilesi kamene Lufeyo anamugulira ku Beira komweko kali kakakulu, koma tsopano kankalekeza m'mwamba mwa mawondo. Lufeyo anatsika, anavula chipewa, n'kupereka pasipoti ndi manja awiri. Mwanayo anaitsegula chadodolido, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuibweza.

"Kuno sitidziwa anthu ndi chithunzi," anatero mwanayo. "Tchulani dzina langa, mudutse."

Lufeyo anatsala pang'ono kuseka. Dzinalo anatcha yekha, atakangana ndi apongozi ake amene ankafuna lina. Anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka kulira kwa foni, kamodzi kokha, n'kuduka.

Tinyade sanamuyang'ane n'komwe. Anacheukira pawindo, pamene kafoni ka mayi ake kamakhala kuti kagwire netiweki, n'kufuula mokondwa: "Amayi, ababa ali bwino!"

"Chabwino," anayankha Esinala ali m'nyumba. "Bwera udzadzole mafuta."

Panalibe wokwiya, panalibe wolira. Onse awiri anali okhutira, ndipo chimene chinamupweteka Lufeyo n'chimenecho. Anayesanso, akudzimenya pachifuwa, koma munatuluka kulira komwe kuja. Anathamangira kuthiraki, anang'amba thumba limodzi ndi mpeni, n'kupeza mawu onse atagwirana kukhala mwala umodzi. Anang'amba lachiwiri, chimodzimodzi. Atacheuka, anaona mwanayo atasenza beseni lake pamutu, akulowa m'nyumba. Chitseko chinayamba kutsekeka pang'onopang'ono, popanda wochikankha.

"Bwana," inatero foni ija.

Lufeyo anadzidzimuka kutulo ntchentche ikumuyenda pamlomo. Mzere wa magalimoto sunasunthe ndi pang'ono pomwe, ndipo woyendetsa wina ankachapa masokosi m'chigubu chodula. Lufeyo anakhala tsonga. Kenako anapita kwa mayi wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, n'kugula osanyinyirika. Mayiyo, amene ankamudziwa kuti amangobwera kudzatchajitsa foni basi, anamuyang'ana kawiri.

Anaimba. Italira kamodzi, chala chachikulu chinanyamuka chokha kupita pa batani lofiira, moti anachita kuchigwira ndi dzanja linalo. Inalira kachiwiri, kachitatu. Ankadziwa kuti ku Lunzu kuja Esinala waima pawindo, akuiyang'ana, kudikira kuti iduke monga mwa pangano. Inalira mpaka inaduka yokha. Anaimbanso.

"Abambo a Tinyade!" Esinala anayankha ali wefuwefu. "Kwagwanji? Mwachita ngozi? Mwagwidwa?"

"Sikunagwe kanthu. Mwaswera bwanji kumeneko?"

"Inu, mwandiopsa! Munthu n'kuimba chonchi popanda maliro?"

"Pepani, mayi. Denga lija likudonthabe?"

"Denga? Linakonzedwa kalekale ndi achimwene. Kodi mwamwa?"

"Sindinamwe. Mwana ali pafupi?"

Anamva mapazi, chitseko, nkhuku ikuthawa, ndi mawu a Esinala akuti, "Gwira bwino, uike kukhutu." Kenako kunangomveka kupuma kwa mwana, kofulumira, kwa m'mphuno. Lufeyo anachita mantha enieni, mantha amene sanachitepo ngakhale pamapiri otsetsereka mabuleki atatentha.

"Tinyade," anatero, ndipo dzinalo linatuluka lonse lathunthu.

Kupuma kuja kunaima. Ndiye anamva mwanayo akunong'oneza mayi ake, foni ataitalikitsa kukamwa: "Amayi, muli munthu umu."

Esinala anaseka, koma kuseka kwake kunali kosakanikirana ndi misozi. Anatenga foni n'kunena kuti, "Basi, mwamumva. Dulani, mayunitsi akutha."

Lufeyo anakhalanso pamkeka paja, n'kutsamira tayala.

"Asiyeni athe," anatero. "Mubwezereni kukhutu, ndimuuze kuti munthuyo ndi ndani."