Kampani Yonse pa Laputopu ya Pumulo

Pumulo sanali munthu wokhululuka msanga. Iye ndi Dennis ankalemba mapulogalamu pa kakampani ka ku Nakatindi kosungitsira alendo zipinda m'maloji. Mayina a alendo atasowa m'sisitemu, Dennis anathamangira kwa abwana, a Muleya, kukanena kuti wawononga ndi Pumulo. A Muleya anachenjeza Pumulo komaliza kuti akadzalakwanso, ntchito yatha.

Chonsecho yovunda inali pulogalamu ya Dennis. Inkakhala m'makontena, timabokosi tosungira mapulogalamu pa maseva, makompyuta akutali, ndipo alendo akangochuluka inkagwa. Poopa kunamiziridwanso, Pumulo anatsegula tanelo ya VPN, njira yobisika ya pa intaneti yolumikiza laputopu yake ku netiweki ya makontenawo, n'kupatutsa ntchito yonse kuti izibwera kwa iye, komwe anali atakonza cholakwikacho. Kampani yonse inkapumira pa kalaputopu kothyoka kona. Magetsi akathima ku Linda komwe Pumulo ankakhala, ankathamanga nako kukatchaja kwa mkulu wake, ali ndi mkwiyo. Dennis ankangoona zinthu zikuyenda, n'kumadziyesa katswiri.

Tsiku loonetsa sisitemu kwa eni maloji, Dennis anafika atavala tayi, dzuwa likuswa mtengo.

"Iyi nchito ni yanga neka," anatero. "Kulibe wina anagwilako."

"Ni zoona, Pumulo?" anafunsa a Muleya.

"Ni zoona, ba Muleya. Ni yao beka."

Atatero anatseka laputopu yake mofatsa, ngati akufunditsa mwana. Tanelo inaduka, ntchito yonse n'kubwerera m'makontena a Dennis. Pa sikilini ya pakhoma panazungulira kamkombero, kenako mbee. Dennis anadina apa, anadina apo, thukuta likutsikira m'kolala. Pumulo anamva kukoma mpaka m'mafupa.

"Sisi, nithandizeko," Dennis anamunong'oneza.

"Nizakonza. Koma muyambe mwauza aba bantu uja anasobesa maina."

Dennis anayang'ana a Muleya, anayang'ana chitseko. Kunalibe kothawira.

"Ni program yanga inagwa," anatero chapansipansi. "Pumulo nenze namunamizila."

Pumulo anagwira chivindikiro cha laputopu, koma sanatsegule. Anatembenukira kwa mayi wina wa loji amene anakhala kumbuyo kwenikweni.

"Ba mami, mwamvela?"

Mayiyo anapukusa mutu.

"Kambaninso, ba Dennis," anatero Pumulo. "Mukweze mau."